Benjamin Franklin ndi Gulu la Zidebe Zachikopa

Anthu osintha ndalama pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, pamene msewu wochokera ku Lilongwe umalowera m'dziko la Zambia, amaidziwa bwino nkhope ya mkulu wina wadazi, wa tsitsi logwera m'mapewa, imene ili pa ndalama ya pepala ya madola 100 a ku America. Ambiri amayesa kuti mkuluyo adali pulezidenti wa dziko la United States, koma pa mpando umenewo sadakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Dzina lake ndi Benjamin Franklin. Mabuku a sukulu amamutchula monga munthu amene adafufuza za mphezi, ndiponso amene adathandiza kuti dziko lake limasuke mu ulamuliro wa Angerezi. Koma ilipo ntchito yake ina imene simveka kawirikawiri, ngakhale ikukhudza mudzi uliwonse wa nyumba zofolera ndi udzu. Iyeyu adasonkhanitsa anansi ake mumzinda wa Philadelphia kuti apangane za kuzimitsa moto popanda malipiro.

Franklin adabadwa pa 17 Januwale 1706 mumzinda wa Boston, ku gombe la kum'mawa kwa America, nthawi imene dera lonselo lidali m'manja mwa Angerezi. Atate ake, a Josiah Franklin, adali mmisiri wopanga makandulo ndi sopo kuchokera ku mafuta a nyama. Adabereka ana 17, ndipo Benjamin adali wa nambala 15, mzime mwa ana aamuna. Pakhomo pa ana ochuluka chotere ndalama ya sukulu siikhalitsa. Mnyamatayo adakhala m'kalasi zaka ziwiri zokha, ndipo atakwana zaka 10 adamutulutsa kuti azidula zingwe za makandulo ndi kuthira mafuta otentha m'zikombole. Ntchitoyo adaida kwabasi. Chimene sadasiye ndicho kuwerenga, pakuti buku lililonse limene lidamugwera m'manja, lobwereka kapena logula ndi timakobiri take, adaliwerenga mpaka pothera.

Nyumba zambiri za ku Boston zidali zamatabwa, zomangidwa mothithikana m'misewu yopapatiza. M'chaka cha 1711, Franklin ali ndi zaka 5, moto udapsereza nyumba pafupifupi 100 pakati pa mzindawo, pamodzi ndi tchalitchi chakale ndi nyumba imene akuluakulu a boma ankasonkhanamo. Patapita zaka zochepa, anthu ena a mumzindamo adayamba timagulu tothandizana, ndipo pangano lawo lidali lakuti nyumba ya mmodzi ikayaka, anzake onse athamangireko. Nchifukwa chake sikulondola kunena kuti Franklin ndiye adatulukira nzeru imeneyi. Adakula akuiona kwawo, ndipo pambuyo pake adakaibzala pa nthaka ina pamene idabereka koposa.

Ali ndi zaka 12 adampereka kwa mkulu wake James, amene adali ndi makina osindikizira, kuti aphunzire ntchitoyo. Abale awiriwa sadamvane. James adali waukali, ndipo Benjamin, amene adali atayamba kale kulemba nkhani m'nyuzipepala ya mkulu wakeyo mobisa dzina, sadali wofatsa pakamwa. M'chaka cha 1723 adathawa nakafika ku Philadelphia ali ndi zaka 17, wotopa, wanjala, m'thumba muli tindalama towerengeka. Chaka chotsatira adaoloka nyanja kunka ku London, atanyengedwa ndi malonjezo a bwanamkubwa wa dera la Pennsylvania amene sadakwaniritsidwe, ndipo kumeneko adagwira ntchito m'nyumba zosindikizira mabuku mpaka 1726. Adabwerera ku Philadelphia ali mmisiri weniweni. Mu 1729 adagula nyuzipepala yotchedwa Pennsylvania Gazette, ndipo mu 1730 adatenga Deborah Read kukhala mkazi wake.

Gwero la ntchito zake zonse zothandiza mzinda lidali kagulu kamene adakayambitsa mu 1727, kotchedwa Junto. Kadali ka amisiri ndi ogwira ntchito achinyamata, ena osindikiza mabuku, wina wosoka nsapato, wina wopala matabwa, wina woyeza malo. Ankakumana Lachisanu lililonse madzulo nkumafunsana mafunso: za makhalidwe, za malonda, za chilengedwe, ndi za chimene chingachitike kuti mzinda wawo ukhale wabwinopo. Aliyense ankayenera kulemba nkhani yake nthawi ndi nthawi ndi kuiwerenga pamaso pa anzake. Ambiri mwa iwo sadapite patali ndi sukulu, choncho Junto ndiyo idali sukulu yawo. M'kagulu kameneka ndimo mudabadwira nyumba yobwereketsa mabuku ya mu 1731, ndimonso Franklin adayamba kuwerengera anzake maganizo ake pa za moto.

Amene adayambitsa mzinda wa Philadelphia mu 1682, William Penn, ankadziwa za moto waukulu umene udanyeketsa nyumba zopitirira 13,000 ku London mu 1666. Pachifukwa ichi adafuna mzinda wa misewu yotakata, wa nyumba zotalikirana, iliyonse pakati pa munda wake. Anthu sadamvere. Malonda adali ku doko, m'mbali mwa mtsinje wa Delaware, ndipo aliyense adafuna kumanga pafupi ndi pamene ngalawa zinkakocheza. Nyumba zidathithikana monga kwina konse. Kuphika, kuotha ndi kuunika, zonse zinkadalira moto wa nkhuni ndi makandulo, ndipo m'nyengo yachisanu moto sunkazima m'nyumba usana ndi usiku. Mu 1730 moto udabuka pa doko la Fishbourn nuononga nyumba zosungiramo katundu ndi nyumba zingapo zogonamo. Akuluakulu a mzinda adachita mantha, nagula mipope ina yopopa ndi manja, makwerero ndi zidebe zambirimbiri.

Franklin adaona kuti zida zokha sizizimitsa moto. Moto ukabuka, anthu ankabwera ndithu, ndi mtima wabwino, koma panalibe wodziwa choyamba kuchita. Ena ankangoima nkuonerera, ena ankaphimba njira ya otunga madzi, ndipo pakati pa chipwirikiticho pankalowa akuba onamizira kuthandiza. M'mwezi wa Febuluwale 1735 adasindikiza kalata m'nyuzipepala yake, ataibisa m'dzina la nkhalamba ina ya mumzindamo imene inalibenso mphamvu zonyamula chidebe koma idali ndi malangizo. Kalatayo idadzudzula chizolowezi chonyamula makala amoto pa fosholo kuchoka m'chipinda china kunka m'china, chifukwa khala limodzi logwera mumng'alu wa matabwa limatha kunyeka mwakachetechete mpaka pakati pa usiku. Idapempha kuti opala mwaye m'machumuni akhale ovomerezedwa ndi boma, ndipo alipitsidwe ngati chumuni chimene angochiyeretsa kumene chayaka. Idatamandanso magulu a mumzinda wina woyandikana nawo, mmene anthu ankazolowera ntchitoyo moto usadabwere, ndipo ankadziwa woti amumvere.

Chaka cha 1736 chidali chowawa pakhomo pa Franklin. M'mwezi wa Novembala mwana wake wamwamuna, Francis, adamwalira ndi nthomba ali ndi zaka 4. Franklin ankakhulupirira njira yotemera ana imene idalipo masiku amenewo, koma adaichedwetsa chifukwa mwanayo ankadwala m'mimba, ndipo chisoni cha kuchedwako adakhala nacho mpaka ukalamba. Pasadathe masabata atatu chichitikire maliro, pa 7 Disembala 1736, iye ndi anzake adasaina pangano lokhazikitsa gulu lotchedwa Union Fire Company.

Panganolo ndi loyenera kuliyang'ana modekha, chifukwa nzeru yonse ya munthuyu ili m'menemo. Chiwerengero cha mamembala chidali ndi malire. Aliyense adalonjeza kugula ndi ndalama zake zidebe ziwiri zachikopa ndi matumba anayi a nsalu yolimba, okhala ndi chingwe chomangira kukamwa. Zidebe zidali za madzi, ndipo zachikopa zidasankhidwa chifukwa sizisweka ukaziponya pansi. Matumba adali olongeramo katundu wa m'nyumba yoyaka. Pa chidebe ndi thumba lililonse padalembedwa zilembo za dzina la mwini wake, kuti moto ukatha chilichonse chibwerere kwawo. Zida zimenezi sizidaloledwe kugwira ntchito ina iliyonse ya pakhomo. Amene adaonapo ndowa ya pasukulu ikusanduka yochapiramo, ndipo kenaka nkusowa osadziwika wotenga, amvetsa chifukwa cha lamulo limeneli.

Mwezi uliwonse mmodzi mwa mamembala ankakhala mlembi, ndipo udindowo unkazungulira kuti pasakhale wouthawa kapena wouumirira. Ntchito ya mlembi idali kuyenda nyumba ndi nyumba kukaona ngati zidebe ndi matumba zilipo ndiponso ngati zili bwino. Wopezeka wopanda chida ankalipira chindapusa. Wojomba ku msonkhano wa pamwezi nayenso ankalipira. Msonkhanowo unkachitika madzulo, anthu akudya ndi kucheza, koma nkhani yake idali ya moto: kumene udabuka, chimene chidauyambitsa, ndi chimene chidalakwika pouzimitsa. Ndalama za zindapusa sizinkadyedwa. Zinkasungidwa, ndipo m'kupita kwa nthawi zidagula makwerero, ngowe zazitsulo zogwetsera madenga, ngakhalenso mpope woitanitsa ku London. Motero ulesi wa membala mmodzi unkasanduka chida cha gulu lonse.

Tsiku la moto lidalinso ndi dongosolo lake. Mfuu ikamveka usiku, mamembala ankaika nyali pa mawindo a nyumba zawo kuti anzawo aziona poyenda ndi kuzindikira makomo a anzawo. Pa nyumba imene ili pangozi, anthu awiri ankaima pakhomo kuti asalowe munthu wosadziwika, ena ankalonga katundu m'matumba, ndipo wina ankalondera pamalo pamene katunduyo waunjikidwa. Otsala ankalowa mumzere wopatsirana zidebe kuchokera ku chitsime, zodzaza zikupita, zopanda kanthu zikubwerera. Padalinso mfundo ina yosonyeza umunthu: membala akamwalira, mkazi wake wamasiye ankathandizidwa monga ngati mwamuna wake ali moyo, malinga asunge zidebe ndi matumba aja. Poyamba panganoli lidali loteteza makomo a mamembala okha, koma moto sufunsa kuti nyumba ndi ya yani, ndipo posakhalitsa gululo lidayamba kuthamangira moto uliwonse wa mumzindamo.

Anthu ofuna kulowa adachuluka kupitirira malire aja. Franklin ndi anzake sadakulitse gulu lawo. Adalangiza otsalawo kuti akayambe lawolawo, pakuti gulu laling'ono la anthu odziwana maina ndi makomo ndilo limene mlembi angathe kuliyendera, ndipo wojomba sabisala. Choncho padabadwa gulu la Fellowship mu 1738, kenaka Hand-in-Hand, Heart-in-Hand, Friendship ndi ena, kufikira kuti eni nyumba ambiri a mumzindamo adali m'gulu lina lake. Atakalamba, polemba mbiri ya moyo wake, Franklin adanyadira kuti chiyambire magulu amenewa mzinda wa Philadelphia sudatayepo nyumba zoposa imodzi kapena ziwiri pa moto umodzi. Mwina mkuluyo adaonjezako mchere pang'ono, monga amachitira anthu okamba za ntchito ya manja awo, koma nzoona kuti m'masiku ake Philadelphia sudaone tsoka longa la London kapena la Boston.

Nkhani imeneyi siili kutali ndi boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning. Kuno ku Malawi galimoto zozimitsa moto zimapezeka makamaka m'makhonsolo a mizinda ikuluikulu ndi pa mabwalo a ndege. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Mchinji pali makilomita opitirira 100, osanena za ku Mkanda kapena ku Kapiri, pamene nyumba ya udzu imatha m'mphindi zowerengeka. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, tchire limauma gwa, mphepo imaomba, ndipo osaka mbewa ndi osoka makala amasiya moto m'thengo. Nthawi yomweyo nkhokwe zimakhala zodzaza chimanga ndi mtedza, kotero kuti moto wa tsiku limodzi umadya thukuta la chaka chathunthu. Mlimi wa fodya naye amadziwa mmene chigafa kapena balani imayakira. Pamalo otere wozimitsa moto woyamba, ndipo kawirikawiri wotsiriza yemwe, ndi mnansi.

Mtima wothandizana sudayambe wasowapo m'midzi ya Achewa, Angoni ndi Asenga a m'malire muno. Akale adanena kale kuti mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Mfuu ikamveka, amayi amatuluka ndi ndowa, abambo amathyola nthambi zaziwisi, anyamata amakwera kukasasula denga la nyumba yoyandikana. Anthu a ku Philadelphia nawonso adali nawo mtima womwewo Franklin asadalembe kalata yake ija. Chimene iye adaonjezapo ndicho kupangana kusadagwe kanthu: madzi akatungidwe kuti, ndowa zikhala kwa yani, adzaziyendera ndani, adzalondera katundu ndani, ndipo wonyalanyaza atani. Zoterezi sizilira ndalama zambiri, koma zimalira munthu wosatopa kukumbutsa anzake m'miyezi imene kulibe moto. Makomiti a m'midzi osamala zachilengedwe, amene lamulo la za nkhalango la 1997 lidawavomereza, amachita mbali ina ya ntchito yomweyi akamalambula njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango za m'midzi. Sukulu yogonera komweko, msika wa mabenchi amatabwa, kapena mudzi wa nkhokwe zoyandikana, zonsezi zili ndi anthu okwanira kupanga gulu lotere.

Maganizo a Franklin pa za moto sadathere pa zidebe. Cha m'ma 1742 adakonza mbaula yachitsulo yoika m'nyumba, yoti izitenthetsa chipinda ndi nkhuni zochepa. Bwanamkubwa adafuna kumpatsa chilolezo chakuti iye yekha ndiye aziipanga ndi kuigulitsa, koma Franklin adakana, poona kuti iyenso adapindula ndi nzeru za ena popanda kulipira. Mu 1748, ali ndi zaka 42, adasiya ntchito ya tsiku ndi tsiku yosindikiza m'manja mwa mnzake David Hall, nadzipereka pa kufufuza za magetsi. Adaganiza kuti mphezi ndi mphamvu yomweyo imene ankaitulutsa pang'onopang'ono m'chipinda chake choyeseramo zinthu. Mu Meyi 1752 akatswiri a ku France adatsata njira imene iye adalemba, naimika chitsulo chachitali pa mudzi wa Marly, ndipo chidakoka mphamvu ya m'mitambo monga adanenera. Chaka chomwecho iye mwini adayesa ndi kaiti. Phindu lake lidali chitsulo chosongoka chimene chimaimikidwa pamwamba pa nyumba, cholumikizidwa ndi waya wolowa pansi, kuti mphezi ikagwa itsate wayayo m'malo moyatsa denga. Zitsulo zimene zimaoneka pa nsanja za matchalitchi ndi pa nyumba zazitali lero lino ndi zidzukulu za chimenechi.

Padatsala funso la munthu amene nyumba yake yapsa ngakhale anansi adayesetsa. Mu 1752 Franklin ndi anzake a m'magulu ozimitsa moto adakhazikitsa bungwe la inshuwalansi lotchedwa Philadelphia Contributionship, mmene eni nyumba ankasonkha ndalama kuti wogweredwa tsoka amangenso. Bungwe longa limeneli lidayesedwapo kale ku Charleston, koma lidagwa moto waukulu wa mu 1740 utapsereza mzindawo. La ku Philadelphia lidachenjera: nyumba iliyonse linkayamba laiyendera, ndipo yomangidwa mwangozi linkaikana. Pa khoma la nyumba yolandiridwa pankakhomedwa chizindikiro cha manja anayi ogwirana.

Zaka zotsala za moyo wake ndizo zimene mabuku ambiri amakamba. Adathandiza kukhazikitsa chipatala cha Pennsylvania Hospital mu 1751, ndi sukulu imene pambuyo pake idakhala University of Pennsylvania. Adakhala zaka zambiri ku London akuimira anthu a kwawo, ndipo mkazi wake Deborah adamwalira mu 1774 iye ali komweko. Mu 1776 adasaina chikalata cholengeza ufulu wa America, napita ku France kukapempha thandizo la nkhondo, ndipo adalipeza. Adasainanso pangano la mtendere la ku Paris mu 1783, ndi malamulo aakulu a dziko latsopanolo mu 1787. Nkhondo yomweyo idamulekanitsa ndi mwana wake William, amene adasankha kukhala kumbali ya mfumu ya ku England, ndipo awiriwa sadagwirizanenso kwenikweni.

Pali banga limene wowerenga wa mu Africa sayenera kubisiridwa. Munthu yemweyu, amene adaganizira za mkazi wamasiye ndi zidebe zake, adasunga akapolo achikuda pakhomo pake kwa zaka zambiri, ndipo nyuzipepala yake inkalengeza malonda a anthu ndi kusaka akapolo othawa. Maganizo ake adasintha mochedwa. Mu 1787 adakhala mtsogoleri wa bungwe la ku Pennsylvania lolimbana ndi ukapolo, ndipo mu Febuluwale 1790 adasaina kalata yopempha nyumba ya malamulo ya dziko lonse kuti ithetse mchitidwewo. Aphungu sadachitepo kanthu, ndipo ukapolo udapitirira ku United States mpaka 1865.

Franklin adamwalira pa 17 Epulo 1790 ali ndi zaka 84. Anthu pafupifupi 20,000 adafika pa maliro ake, ndipo adaikidwa ku manda a tchalitchi cha Christ Church ku Philadelphia, pafupi ndi Deborah. Magulu ozimitsa moto adapitirira iye atapita, koma m'zaka za m'ma 1800 mzinda utakula, ena mwa iwo adasanduka timagulu ta anyamata olimbirana ulemu, mpaka ankamenyana pa msewu nyumba ikuyaka. Mu 1871 mzinda wa Philadelphia udaika m'malo mwawo ozimitsa moto olembedwa ntchito ndi kulipidwa. Bungwe la manja anayi lija likadalipo mpaka lero. Ndipo kunja kwa mizinda ikuluikulu, m'matauni ang'onoang'ono ndi m'madera a kumidzi a United States, ozimitsa moto ambiri akadali alimi, aphunzitsi, amakaniko ndi ogulitsa m'sitolo, amene amasiya zimene akuchita akaitanidwa.